Mutu 9: Kusonkhanitsa Maluwa a M'nyumba Obwera pa Positi

Chaka ndi chaka, chisanu chikangoyamba kuchepa ku Ulaya ndi ku America, ogwira ntchito m'mapositi ofesi amayamba kunyamula timakatoni topepuka tolembedwa kunja kuti m'kati muli zomera zamoyo. Timakatoni timeneti timachokera ku nazale za maluwa, ndipo timapita kwa anthu amene ambiri mwa iwo alibe munda kapena dimba: aphunzitsi opuma pantchito, anamwino okhala m'nyumba zosanja, ophunzira okhala m'kachipinda ka zenera limodzi. Onsewa amalimira pazenera.

Chimene chimawachititsa kuitanitsa kutali n'chakuti sitolo yapafupi imakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, ndipo pamphika pamangolembedwa mtengo, dzina la duwa osalembapo. Koma nazale imene inasankha kulima duwa la mtundu umodzi imatha kukhala ndi mitundu yake mazanamazana, uliwonse ndi dzina lake komanso dzina la munthu amene anaubereketsa. Nazale zotere n'zochepa ndipo zili motalikirana, choncho ambiri amazifikira kudzera pa positi. Kuitanitsako sikuvuta. Ntchito yeniyeni yagona pa kukonza malo katoni isanafike, kulandira bwino chomera chotopa ndi ulendo, ndi kudziletsa kuti musagule zoposa zimene manja anu angasamale. Kuti zimenezi zimveke bwino, tikhazikika pa duwa limodzi limene layenda pa positi kuposa ambiri, lomwenso kwawo ndi kum'mawa kwa Africa kuno.

Mmene zomera zinayambira kuyenda maulendo aatali

Kale, kutumiza chomera chamoyo kutsidya kwa nyanja kunali kutaya ndalama. Ulendo wa sitima yapamadzi unkatenga miyezi, madzi abwino anali operewera ngakhale kwa amalinyero, ndipo mphepo yamchere inkawaula masamba. Zomera zambiri zinkafika zitauma. Zinthu zinasintha chifukwa cha dokotala wina wa ku London, Nathaniel Bagshaw Ward. Mu 1829 iye anatsekera kachilombo m'botolo lagalasi momwe munali dothi lonyowa, pofuna kuona mmene kamasandukira gulugufe wausiku. Patapita nthawi anapeza kuti m'botolomo mwamera timbewu tiwiri, ndipo tinapitiriza kukula popanda kuthirira. Madzi ankachoka m'dothi ngati nthunzi, n'kusanduka madontho pagalasi, kenako n'kutsikiranso m'dothi momwemo. Ward anakhometsa mabokosi amatabwa okhala ndi magalasi, ndipo mu 1833 anatumiza awiri okhala ndi zomera ku Sydney, ku Australia. Zomerazo zinafika zili zobiriwira. M'mabokosi otere ndi mmene mbande za tiyi zinanyamulidwira kuchoka ku China kupita ku India, ndiponso mbande za mitengo ya labala kuchoka ku munda wa Kew kupita ku Ceylon mu 1876.

Mabokosi a Ward anali a maboma ndi anthu achuma. Munthu wamba anapeza mwayi pamene positi inayamba kunyamula maphukusi: ku Britain mu 1883, ndipo ku America mu 1913. Kuyambira pamenepo mlimi wa maluwa wa kumudzi wakutali ankatha kusindikiza kabuku ka maluwa ake ndi mitengo yake, n'kumagulitsa kwa anthu amene sadzaonana nawo. Nazale ya Logee's ya ku Danielson, m'chigawo cha Connecticut, imene inayamba mu 1892, ikutumizabe maluwa a m'nyumba mpaka lero. Timabuku tija tasamukira pa intaneti, koma malondawo sanasinthe: mumasankha poona chithunzi, mumalipira, kenako mumadikira.

Duwa la m'mapiri a Usambara

Duwa limene m'malonda limadziwika kuti African violet, ndipo akatswiri a zomera analitcha Saintpaulia, ndi kachomera kafupi ka masamba onenepa, aubweya wofewa, otambasukira mbali zonse kuchokera pakati. Maluwa ake amatulukira pamwamba pa masambawo, aliyense ndi kadontho kachikasu pakati. Kwawo ndi kum'mawa kwa Tanzania ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Kenya, makamaka m'mapiri a Usambara, kumene limamera pamiyala yonyowa ndi m'ming'alu ya matanthwe, pamthunzi wa nkhalango.

Mzungu woyamba kutumiza zitsanzo zake ku Ulaya anali John Kirk, yemwe uja anayenda ndi David Livingstone m'mphepete mwa Shire, amenenso mapiri a Kirk Range amatchedwa dzina lake. Mu 1884, ali kazembe wa Britain ku Zanzibar, anatumiza ku Kew zitsanzo zouma, koma zinali zosakwanira kuti akatswiri alipatse dzina. Mu 1892 Walter von Saint Paul-Illaire, mkulu wa boma la Germany ku Tanga, anatumiza njere zake kwa bambo ake ku Germany. Bambowo anapatsako Hermann Wendland wa ku munda wa Herrenhausen ku Hanover, ndipo iyeyu ndiye analilemba m'mabuku a sayansi mu 1893. Kampani ya mbewu ya Ernst Benary ya ku Erfurt inayamba kugulitsa njerezo.

Kutchuka kwenikweni kunayambira ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, nazale ya Armacost and Royston ya ku Los Angeles inaitanitsa njere kuchokera ku Germany ndi ku England, inafesa mbande zambirimbiri, ndipo pamapeto pake inasankhapo mitundu 10 yokha. Wotchuka kwambiri pa mitunduyo unali Blue Boy. Yonse inali ya maluwa abuluu kapena apepo. Kenako m'nazale zosiyanasiyana munayamba kubadwa zachilendo: mu 1939 duwa la masamba osanjikizana, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1940 duwa lapinki ndi loyera. Mu 1946 mumzinda wa Atlanta munachitika chionetsero cha duwali chimene chinakopa khamu la anthu, ndipo chaka chomwecho bungwe la African Violet Society of America linakhazikitsidwa. Lero bungweli ndilo limasunga kaundula wa mayina a mitundu yonse yobereketsedwa, ndipo mayinawo alipo masauzande ambiri. Njere zina zinafika mpaka m'mlengalenga: mu 1984 banja la Holtkamp, eni ake a maluwa a Optimara, linatumiza njere 25,000 pa chombo cha NASA, ndipo zinabwerera pansi pano mu 1990.

Kuyambira mu 2015 akatswiri amaliwerenga duwali m'gulu lalikulu la Streptocarpus. Abale ake a m'gululi amamera okha kuthengo ku South Africa, ndiponso pamiyala yachinyezi ya ku Mulanje, Zomba ndi Nyika. Nawonso ali pamsika wa positi: nazale ya Dibleys ya kumpoto kwa Wales inatchukira pa maluwa a Streptocarpus.

Woyamba kumene amapindula nalo duwali pa zifukwa zitatu. N'laling'ono, choncho pazenera limodzi pamakwana miphika ingapo. Likasamalidwa bwino limamasula kangapo pachaka, osadikira nyengo. Ndipo tsamba limodzi lokha, lokulungidwa bwino, limatha kuyenda masiku angapo n'kukabereka zomera zatsopano.

Musanaitanitse

Yambani ndi nyumba yanu, chifukwa ndi imene idzagamule kuti duwa liti likhala ndi liti lifa. Imani pazenera m'mawa, masana ndi madzulo muone mmene dzuwa limalowera. Saintpaulia imafuna kuwala kochuluka koma kopanda dzuwa loswa mtengo. Zenera loyang'ana kum'mawa, lolandira dzuwa la m'mawa lokha, ndilo labwino koposa. Ngati dzuwa la masana kapena lamadzulo limagunda pagalasi, ikanipo nsalu yopyapyala. Amene alibe zenera labwino amagwiritsa ntchito nyali zamagetsi zoyaka maola 10 mpaka 12 patsiku, koma amaonetsetsa kuti usiku muzikhala mdima, chifukwa duwali limafuna maola osachepera 8 a mdima kuti limasule.

Chachiwiri ndi kutentha. Duwali limakondwa pa madigiri 18 mpaka 24. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 15 limasiya kukula, ndipo tsamba logunda galasi lozizira usiku limavulala. Kukatentha kupitirira madigiri 30, maluwa amachepa ndipo mizu imaola msanga m'dothi lonyowa. Wokhala ku Glasgow ayenera kuganizira za usiku wa mu January. Wokhala ku Dedza aganizire za June ndi July. Wokhala ku Chikwawa kapena ku Tete ali ndi vuto la kutentha kwa October, ndipo mwina angachite bwino kuyamba ndi maluwa ena opirira monga Kalanchoe wa ku Madagascar kapena Hoya.

Mukadziwa malo, werengani miphika imene ingakwanepo masamba osagundana, ndipo muitanitse yosapitirira theka la chiwerengero chimenecho. Zomera zitatu mpaka zisanu n'zokwanira poyamba. Zithunzi za m'kabuku ka malonda zimakopa, ndipo munthu amatha kudzaza dengu ndi mitundu 20 usiku umodzi. Koma zomera 20 zobwera tsiku limodzi zimafuna miphika 20, malo otalikirana, ndi diso lozolowera kuona matenda, limene woyamba amakhala asanakhale nalo. Mmera mpoyamba. Amene wasamala zomera zinayi kwa miyezi isanu ndi umodzi mpaka zamasula amadziwa kale zimene nyumba yake imalola, ndipo oda yake yachiwiri imakhala yanzeru.

Werengani bwino mafotokozedwe a mtundu uliwonse. Ogulitsa amagawa duwali malinga ndi kukula kwake: tating'ono kwambiri sitipitirira masentimita 15 m'mimba mwake, tapakati timafika 20, ndipo wamba amatha kufika 40. Tating'onoto timakongola koma timiphika take timauma msanga, choncho wamba ndiwo oyenera kuphunzirira. Onaninso chimene mukugula, chifukwa pali zinthu zitatu zosiyana mtengo: tsamba lodula, mbande yokhala ndi mizu m'kamphika, ndi chomera chachikulu chomasula kale. Mbande ndiyo yoyenera woyamba. Imapirira ulendo kuposa chomera chachikulu, chimene masamba ake amathyoka ndiponso maluwa ake amayoyoka m'katoni, ndipo siidikiritsa nthawi yaitali ngati tsamba.

Nazale yodalirika imalemba dzina lonse la mtundu uliwonse, imafotokoza kukula kwa chomera chimene idzatumize, ndipo imanena poyera chimene imachita ngati katundu wafika atafa. Imakananso kutumiza kunja kukuzizira kapena kutentha kwambiri. Nazale za kumpoto kwa America, monga Lyndon Lyon Greenhouses ya ku Dolgeville m'chigawo cha New York, zili kumadera a chipale chofewa, ndipo nthawi yotetezeka yotumizira zomera kuchokera kumeneko ndi kuyambira chisanu chikatha mpaka chisanayambenso. Ogulitsa ambiri amatumiza kumayambiriro kwa sabata kuti katoni isagone m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamlungu. Inunso sankhani sabata imene mudzakhale pakhomo.

Chomera chikamadutsa malire a dziko

Kuitanitsa m'dziko momwemo n'kosavuta, ndipo kwa amene ali ku South Africa, Britain kapena America ndiyo njira yabwino. Chomera chikamachoka dziko lina kupita lina, malamulo amalowererapo. Pangano la maiko lonena za kuteteza zomera, limene linapangidwa mu 1951, ndilo maziko a chikalata cha umoyo wa zomera, chimene boma la dziko lotumiza limapereka litayendera katunduyo. Maiko ambiri amafunanso kuti wogula atenge chilolezo katundu asananyamuke, ndipo ambiri salola dothi kulowa, choncho zomera zimatumizidwa mizu itatsukidwa. Ku Malawi nkhani imeneyi ili m'manja mwa nthambi ya kafukufuku wa zaulimi mu unduna wa zamalimidwe. Ngakhale ku Britain, kuyambira mu January 2021, zomera zokabzala zochokera kumaiko a European Union zimafuna chikalata cha umoyo. Maluwa a m'banja la orchid ali ndi lamulo lina lowonjezera, chifukwa onse amatetezedwa ndi pangano la CITES la mu 1973. Katoni yopanda mapepala imalandidwa pachipata n'kuwonongedwa.

Malamulowa ali ndi chifukwa chake, ndipo alimi akuno akuchidziwa bwino. Kodikodi wa chinangwa anachokera ku South America pa mitengo yokabzala kumayambiriro kwa m'ma 1970, anafalikira kuchokera ku Congo, ndipo m'ma 1980 anasakaza minda ya ku Nkhata Bay. Matenda a chisaka, amene anathetsa nthochi zambiri ku Thyolo, amayenda ndi ana a nthochi amene anthu amapatsana. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira padziko lonse chifukwa anthu ankakonda maluwa ake. Wokonda maluwa amene amabisa chomera m'chikwama kuti apewe mapepala akuika pachiswe chakudya cha anthu amene sanamufunse n'komwe.

Tsiku lofika katundu

Katoni ikafika, itseguleni tsiku lomwelo, pamthunzi, patebulo lotalikirana ndi maluwa ena. M'kati mudzapeza timiphika tokulungidwa chimodzichimodzi m'mapepala opindidwa mozungulira, masamba atawongoleredwa m'mwamba. Pamwamba pa dothi pamakhala pepala kapena thonje lomatidwa ndi tepi kuti dothi lisakhuthuke, ndipo mipata yonse ya m'katoni imadzazidwa ndi zidutswa za nyuzipepala. M'nyengo yozizira ena amaikamo kathumba kotulutsa kutentha kwa masiku atatu. Musasolole chomera chokwezera m'mwamba, chifukwa mapesi a masamba ake ndi amadzimadzi ndipo amathyoka mosavuta. Dulani tepi ndi lumo, kenako tambasulani pepalalo pang'onopang'ono mphika uli chiimire. Kachikwangwani ka dzina kabwezereni mumphika nthawi yomweyo, musanatsegule chomera chachiwiri.

Musadabwe kuona tsamba limodzi kapena awiri atathyoka, kapena masamba akunja atalefuka. Poyenera kuyang'ana ndi pakati, pamene pamatulukira masamba atsopano. Pakakhala polimba ndi pobiriwira, chomeracho chidzatsitsimuka. Pakakhala pofewa, pakuda kapena ponunkha, chaola. Jambulani chithunzi ndi kudziwitsa wogulitsa tsiku lomwelo. Gwirani dothi ndi chala. Ngati lauma, thirirani pang'ono ndi madzi osazizira. Ngati lili lonyowa, lisiyeni. Kwa masiku angapo chisungeni pamalo owala pang'ono, mutachivindikira ndi thumba lapulasitiki loonekera m'kati, lokhala ndi timabowo tingapo, kuti chizolowere mpweya wouma wa m'nyumba. Musathire feteleza ndipo musachisamutsire mumphika wina kwa milungu iwiri kapena itatu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimawawa mtima, koma odziwa amachita: amathothola maluwa onse, ngakhale osamasula, pa chomera chatsopano. Tizilombo totchedwa thrips timabisala m'maluwa ndipo timadya mungu, ndipo timafalitsa kachilombo koyambitsa matenda amene alibe mankhwala. Kuchotsa maluwawo kumatichotsera pobisala, komanso kumathandiza chomera kuika mphamvu zake ku mizu.

Kupatula mlendo

Mayi wogula nkhuku pamsika amayamba waimangirira payokha asanaiphatikize ndi za m'khola, poopa chitopa. Chomera chatsopano chimafuna zomwezo, ngakhale chitachokera ku nazale yotchuka chotani. Chisungeni m'chipinda china kwa miyezi iwiri, chikhale ndi mbale yakeyake yapansi, ndipo muzichisamala pomalizira mutatha zina zonse, kenako n'kusamba m'manja.

Sabata iliyonse chitengereni powala ndi kuchiyang'anitsitsa, ngati n'kotheka ndi galasi lokulitsa zinthu. Kaufa kachikasu kotayikira pa duwa n'chizindikiro cha thrips. Tinthu toyera tonga thonje m'makona a masamba ndi abale ake a kodikodi. Ochepa amachoka mukawapukuta ndi thonje loviika mu spiriti. Pali enanso a mtundu womwewo amene amakhala m'dothi, ndipo amaoneka ngati timbewu ta mpunga toyera m'mbali mwa mizu mukazula chomera mumphika. Oopsa kwambiri ndi tinthata tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timachititsa masamba apakati kupinimbira, kulimba, kupindika ndi kuchita ubweya wotuwa. Mukaona zimenezi, nthawi zambiri nzeru ndi kutaya chomeracho pamodzi ndi dothi lake. Kutaya chimodzi n'kopweteka, koma kumapulumutsa zonse zotsala.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Zomera zambiri za m'nyumba zimafa ndi madzi ochuluka kuposa ludzu. Kumbukirani kuti kwawo duwali limamera m'ming'alu ya miyala, m'zinyalala zochepa za masamba owolerana, kumene madzi amadutsa osaima. Mizu yake ndi yopyapyala ndipo siipita pansi. Choncho mphika ukhale wosaya, wobooka pansi, ndipo kukamwa kwake kukhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kutambasuka kwa masamba: chomera cha masentimita 30 chimakwana mumphika wa masentimita 10. Mumphika waukulu dothi limachedwa kuuma, mizu imaola, ndipo maluwa sabwera. Dothi la m'munda limagwirana kwambiri. Alimi a duwali amasakaniza peat, perlite ndi vermiculite kuti dothi likhale lopepuka ndi lolowa mpweya. Kumene zimenezi sizipezeka, manyowa a masamba owolerana bwino osefedwa, osakaniza ndi mchenga wokhakhala ndi makala osinja, amagwira ntchito, bola muyambe mwawatenthetsa kuti tizilombo tife.

Thirirani pokhapokha pamwamba pa dothi pakauma. Madzi akhale ofundirako, chifukwa madzi ozizira akagwera patsamba amasiya mabanga achikasu osachoka. Njira yabwino ndi kuimika mphika m'mbale ya madzi kwa mphindi 20 kapena 30, kenako n'kutaya otsalawo. Ena amalowetsa kachingwe ka nayiloni pabowo la pansi, mbali ina ili m'dothi ina ili m'kabotolo ka madzi, ndipo chomera chimadzikokera chokha madzi amene chikufuna. Feteleza wosungunula m'madzi muzithira wochepa, gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wolembedwa papaketi, ndipo kamodzi pamwezi muzitsukuluza dothi ndi madzi okhaokha kuti mchere usaunjikane.

Chomera chimaonetsa chokha ngati kuwala kukuchikwanira. Masamba akamatalika n'kumaloza m'mwamba, maluwa osabwera, ndiye kuti kuwala kwachepa. Akamayera, n'kumapindikira pansi kukumbatira mphika, ndiye kuti kwachuluka. Muzitembenuza mphika pang'ono sabata iliyonse kuti chisapendekere mbali imodzi, muzichotsa maluwa ofota ndi mphukira zomera m'mbali mwa tsinde, ndipo muzisintha dothi kamodzi pachaka.

Tsamba limodzi, dzina limodzi

Zomera zanu zikakhazikika, simufunikanso kugula chilichonse chachikulu. Sankhani tsamba lokhwima bwino koma losakalamba, la mumzere wachiwiri kapena wachitatu kuchokera pakati. Dulani phesi lake mopendeketsa ndi lezala yoyera, kusiya masentimita atatu. Libayeni m'kakapu ka dothi lopepuka lonyowa, tsambalo lili lopendekera kumbuyo, ndipo muvindikire ndi pulasitiki. Pakatha mwezi mizu imakhala itagwira. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, patsinde pa phesilo pamatumphuka timasamba tating'ono, taubweya, tobiriwira mowala, nthawi zina timbande titatu kapena kuposa pa tsamba limodzi. Masamba ake akafika kukula kwa chikhadabo, tilekanitseni mosamala, kalikonse m'kamphika kake. Kawirikawiri timamasula chaka chisanathe kuchokera tsiku lobzala tsamba. Mitundu yochepa, ya maluwa a mizere yochokera pakati, siibereka zofanana nayo kudzera m'tsamba; imeneyi imachulukitsidwa ndi mphukira, n'chifukwa chake imakhala yokwera mtengo.

Apa ndi pamene dzina limafunika. Mitundu yambiri imafanana kwambiri, ndipo maonekedwe a duwa amasinthako malinga ndi kuwala ndi kutentha, moti ngakhale katswiri sangabwezere dzina lotayika pongoyang'ana. Chomera chopanda dzina chimakongolabe, koma sichilandiridwa pa mpikisano wa mitundu ya mayina, ndipo osonkhanitsa anzanu sangasinthane nacho. Lembani dzina ndi pensulo pa kachikwangwani, chifukwa inki imafufutika, ndipo lembaninso pansi pa mphika. Khalani ndi kope lolembamo dzina, kumene chinachokera, tsiku lofika, ndi tsiku limene chinamasula koyamba. Kope limeneli ndilo lidzakuuzeni nazale zoyenera kubwererako ndi mitundu imene imagwirizana ndi nyumba yanu. Pakapita nthawi mudzaona kumene mtima wanu ukupendekera: ena amasonkhanitsa tating'ono tokhatokha, ena mitundu yakale ya m'ma 1930 ndi 1940, ena ya masamba amawangamawanga, ena amapitirira ku Streptocarpus ndi begonia.

Udindo wa wosonkhanitsa

Pamene duwali ladzaza mazenera a dziko lonse, kwawo likuchepa. Nkhalango za m'mapiri a kum'mawa kwa Tanzania ndi Kenya zadulidwa kwambiri chifukwa cha minda ndi matabwa, ndipo mthunzi ukachoka, miyala imauma ndipo duwali limafa. Mtundu wina wa kuthengo watsala m'kadera kochepa ka m'mapiri a Taita ku Kenya. Mu 1997 boma la Tanzania linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Amani kum'mawa kwa Usambara, imene ikusunga gawo la malo amenewa. Wogula ali ndi mbali yake: agule zomera zoleredwa m'nazale zokha, ndipo akane chilichonse chozulidwa kuthengo, kaya ndi ku Usambara kapena pa matanthwe a Mulanje.

Mitundu yobereketsedwa nayonso imatha. Ilibe kwawo kuthengo, ndipo njere zake sizibereka zofanana ndi kholo, choncho imakhalapo pokhapokha wina akuisunga yamoyo. Nazale zimatsekedwa eni ake akakalamba, zokonda za ogula zimasintha, ndipo mitundu yambiri imene inatchuka m'ma 1950 sikupezekanso. Imene yatsala, monga Blue Boy, yatsala chifukwa anthu wamba anaisamala m'nyumba zawo n'kumapatsana masamba. Choncho chomera chanu choyamba chikakula bwino ndipo mwatsimikiza kuti chilibe matenda, dulani masamba awiri, lembani dzina lake molondola, mupatse mnzanu wa m'dziko lanu lomwelo. Tsiku limene chanu chidzafe ndi chisanu kapena tizilombo, mudzakhala ndi kokapempha, ndipo mtunduwo udzakhala uli m'nyumba ziwiri m'malo mwa imodzi.